Nyumba ya Bwana DC, Ndende ya Kamuzu ndi Ng'oma za ku Burundi

Anthu ambiri a mumzinda wa Lilongwe amati Dowa ndi Ntchisi ndi maboma ongodutsamo. Wopita ku Kasungu kapena ku Mzuzu amaima pa Mponela, kudya tchipisi ndi kanyenya wa mbuzi pachiwaya, kugula anyezi, n'kukweranso basi. Mukamufunsa zomwe zili kumapiri a kum'mawa kwa msewu wa M1, akuyankhani kuti kuli fodya, soya, mtedza ndi mphepo yozizira. Sananame, koma wasiya zokoma. Kumapiri amenewo kuli malo awiri omwe makolo athu ankawaopa. Ena ankangowaonera patali, enawo dzina lake lenilenilo linkatchulidwa monong'ona. Lero malo onse awiriwa anthu akuchita kukwera ndege kuchokera ku Ulaya ndi ku America kuti adzapondeko. Nkhaniyi ndikaiganiza ndimaseka ndekha, tsono bwerani tisekere limodzi.

Tiyambire ku Ntchisi, poti ya kumeneko ndi yaifupi. M'mbali mwa phiri la Ntchisi, pomwe minda imathera n'kuyamba nkhalango, pali nyumba yomwe inamangidwa mu 1914. Chaka chimenecho ku Ulaya kunabuka nkhondo yaikulu, ndipo John Chilembwe anali asanaukire atsamunda ku Chiradzulu. Inali nyumba ya bwana DC wachizungu, pothawira kutentha ndi udzudzu wa kuchigwa. Amene anasankha malowo anali ndi diso, tisamunamizire. Ukakhala pakhonde kunja kutayera, maso amatsetsereka ndi zitunda mpaka kukagwera m'nyanja ya Malawi, ndipo kutsidya kwake umaona mapiri a ku Mozambique. Koma khonde limenelo silinali la aliyense. Masiku amenewo bwana ankayenda pa machila atanyamulidwa ndi amuna a m'midzi, ndipo munthu wakuda wolowa m'nyumba yotere ankadzera khomo la kukhitchini, atasenza nkhuni kapena madzi osamba a bwana. Wobwera ndi mlandu kapena nkhani ya msonkho ankakhala pansi pabwalo, chipewa chili m'manja.

Atsamunda atalongedza, nyumbayo inakhala resiti hausi ya nthambi ya zankhalango, ndipo inakalamba monga zimakalambira nyumba za boma. Amene anagonapo m'maresiti hausi a boma zaka za m'ma 1980 ndi 1990 safuna kufotokozeredwa: penti wosuluka, bedi lolira munthu asanagonepo, mlonda yemwe ndiyenso wophika, yemwenso ndi wolemba malisiti. Kenako nyumbayo inapita m'manja mwa anthu a zokopa alendo, omwe anachita chanzeru chimodzi chachikulu: sanaigumule. Anasunga makoma akale, anakonza zoonongeka, anaika magetsi a dzuwa, n'kuitcha Ntchisi Forest Lodge. Nyumba yomwe inamangidwira munthu mmodzi lero imagoneka aliyense wobwera, ndipo Mmalawi amalowera khomo lakumaso, wina n'kumulandira chikwama.

Chokoka alendo kwenikweni ndi nkhalango. Pamwamba pa phirilo patsala nkhalango yowirira ya mitengo italiitali yosayoyola masamba, mtundu womwe watsala m'malo owerengeka m'dziko muno. Akuluakulu amati m'zaka za m'ma 1800 Achewa ankabisala m'menemo Angoni akabwera ndi nkhondo. Muli anchima odumpha m'nthambi, anyani, nguluwe, agulugufe amitundumitundu, ndi akachere omwe amamera pa mtengo unzawo, kuukulunga ndi mizu mpaka kuupha, n'kutsala okha ali ndi mphako pakati. Kumunsi kuli miombo ndi misuku, komwe mvula ikagwa amayi amakazula bowa. Tsono taonani mmene zinthu zatembenukira. Mlendo wochokera ku London kapena ku Berlin akafuna kulowa m'nkhalangomo, kawirikawiri amatenga mnyamata wa m'mudzi wapafupi kuti amutsogolere. Mnyamatayo ali patsogolo, manja m'thumba, akuimba likhweru. Mzungu ali pambuyo wefuwefu, thukuta kamukamu, akufunsa dzina la mbalame iliyonse n'kumalemba m'kabuku. Ulendo ukatha, wolipira ndi wapambuyoyo. Mwina agogo ake a mnyamatayo ananyamulapo machila pachitunda chomwecho. Atati adzuke lero angagwire pakamwa n'kufunsa kuti, "Mdzukulu wanga, mankhwala akewa unawatenga kwa sing'anga uti?"

Zoti nyumba yakale ya azungu isanduke ya anthu onse si zachilendo kwathu kuno. Ku Blantyre kuli Mandala House, yomwe kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, m'masiku a John Moir ndi m'bale wake Fred. Lero pansi pake pali La Caverna, pogulitsira zojambulajambula, ndipo pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, momwe ofufuza mbiri ya dziko lino amatha tsiku lonse osadziwa kuti kunja kwada. Mumzinda womwewo mulinso nkhani yosakoma ya malo omwe anali French Cultural Centre. Afalansa atachoka boma linawagula mu 2011, akuba n'kulowamo, ndipo kwa zaka zambiri oimba ndi azisudzo akhala akulira kuti bwalo lawo lasiyidwa kuti lizingowola. Makoma analipo, siteji inalipo, koma wosamala ndiye anasowa.

Komabe tinene chilungamo, ku Ntchisi kuja ndi kogona anthu a ndalama zawo. Likulu lenileni la zikhalidwe za mayiko osiyanasiyana m'mapiri ano lili ku Dowa, ndipo lilibe khonde, lilibe kapinga, ngakhale denga lilibe. Lili ku Dzaleka.

Mwana wobadwa m'ma 2000 akamva Dzaleka amaganiza za othawa kwawo. Akafunse agogo ake. Nduna zitasemphana ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda mu 1964, ndipo Henry Masauko Chipembere atayesa kugwetsa boma ndi zida mu Febuluwale 1965, anthu anayamba kutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo Dzaleka inali imodzi mwa ndende zomwe ankawatayako. Munthu ankangotengedwa, ndipo kufunsa kumene wapita kunali kudziputira zina. Kenako kunabwera a Mboni za Yehova. Chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, mlandu waukulu kukana kugula khadi la chipani cha Malawi Congress, lija achinyamata a chipani ankafunsa pachipata cha msika ndi pokwera basi. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 a Mboni ambirimbiri, amuna ndi akazi omwe, anatsekeredwa ku Dzaleka. Ankagwira ntchito yakalavulagaga, kugona mothithikana, ndipo ena sanabwerereko amoyo. Amene amadziwa chisanu cha Dowa mu Juni ndi Julaye, mphepo ija yolowa mpaka m'mafupa, aganize mkaidi pachitunda chimenecho m'bandakucha.

Zinthu zinatembenuka mwaliwiro. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri, chaka chomwecho chiletso cha a Mboni chinachotsedwa, ndipo mu Meyi 1994 Bakili Muluzi anapambana chisankho. Koma ife tikuvina, m'mayiko a kumpoto kwathu munkayaka moto. Ku Burundi Pulezidenti Melchior Ndadaye anaphedwa mu Okutobala 1993, dziko n'kulowa m'nkhondo yapachiweniweni. Ku Rwanda, kuyambira Epulo 1994, anthu oposa 500,000 anaphedwa m'miyezi itatu yokha. Ku Somalia boma linali litagwa kale mu 1991. Nthawi imeneyo Malawi anali akutsanzikana ndi abale a ku Mozambique oposa 1 miliyoni omwe anawasunga pa nkhondo ya kwawo, ndiye kulandira alendo sinali ntchito yachilendo. Mu 1994 boma ndi bungwe la UNHCR anatsegula kampu ya othawa kwawo pamalo a ndende ija. Nkhondo za ku Congo zitabuka, anthu anachita kusefukira. Malo omwe anakonzedwera anthu 10,000 kapena 12,000 lero muli oposa 50,000, ambiri mwa iwo a ku Congo.

Kusintha kumeneko pakokha sikunali koimbira nthungululu. Ndondomeko ya boma imafuna kuti wothawa kwawo azikhala mukampu. Saloledwa kukhala m'tauni kapena kulembedwa ntchito mwaufulu, ndipo ulendo wakutali umafuna chilolezo. Mphunzitsi wa ku Bukavu, namwino wa ku Bujumbura, woimba gitala wa ku Goma, onse amadikira thandizo limodzi la bungwe la WFP. Ana abadwira momwemo, akulira momwemo, ena aberekanso ana awo momwemo. Ndende inatha, koma chipata chinatsala.

Mu 2008 kunafika mnyamata wa ku Lubumbashi, Trésor Nzengu Mpauni, yemwe ambiri amamudziwa kuti Menes La Plume. Ndi mlakatuli komanso woimba, ndipo anathawa kwawo mawu ake atamudanitsa ndi olamula. Paja akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Iyeyu atayang'ana kampu anaona oimba, ovina, osoka, ojambula ndi alakatuli a m'mayiko angapo ataunjikidwa pamalo amodzi, luso lili mbwee, owaonera palibe. Kunyanja kunkachitika chisangalalo cha Lake of Stars, m'mizinda munkachitika madansi sabata ndi sabata, koma wa mukampu sakanapitako. Nzeru yake inali yapafupi moti umadabwa kuti enafe tinali kuti: ngati anthuwa sangapite kuchisangalalo, chisangalalocho chibwere kwa iwo, a kunja ndiwo avutike ndi ulendo. Mu 2014 Tumaini Festival yoyamba inachitika mkati mwenimweni mwa kampu. Polowa ulere. Mpaka lero palibe tikiti.

Chikondwererochi chinayamba chochepa, pano chimatenga masiku angapo, kawirikawiri kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, dzuwa likuswa mtengo, mvula isanagwe. Ukapatuka pa M1 kupitirira Lumbadzi n'kulowa msewu wa ku Dowa boma, umadziwa kuti kutsogoloku kuli zinthu. Maminibasi adzaza mpaka kukhomo, akabaza akuulutsa njinga zamoto atakweza awiriawiri, magalimoto a mabungwe ndi a akazembe akutsatana, ophunzira a m'makoleji akuimba pa lole, amayi a m'midzi yozungulira asenza madengu a tomato ndi nthochi. Njira yomwe kale munthu ankaidutsa akulira, atakhala pansi m'galimoto ya polisi, lero kondakitala akukuwa kuti "Dzaleka! Dzaleka wotsala mmodzi!" anthu n'kumakankhana kulimbirana mpando. Ngati zimenezi sizikukuseketsani, ndiye kuti simunakhaleko nthawi ya chipani chimodzi.

Pabwalo pamakhala masiteji angapo. Apa oimba, apo ndakatulo, uko zisudzo, kwinaku atsikana akuonetsa zovala zosokedwa ndi matelala a mukampu momwemo. Oimba otchuka a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndi ena ochokera kunja, amagwira maikolofoni imodzi ndi mnyamata yemwe dzulo lake anali pamzere wa pamjigo. Koma ine chomwe ndimayembekeza ndi ng'oma za Aburundi, za gulu la Amahoro. Umayamba wazimva usanazione. Kenako akutulukira pamzere, atavala nsalu zofiira, zoyera ndi zobiriwira, aliyense atasenza pamutu ching'oma chosemedwa ku thunthu la mtengo, choti iwe ndi ine tingachinyamule awiri n'kupumira panjira. Iwo akuyenda nacho, akuchiomba chili pamutu pomwepo, ena n'kumaponya mwendo m'mwamba kuti chidendene chikagunde chikopa. Akafika amazitsitsa n'kuziika mozungulira, ng'oma imodzi pakati. Zikagunda zonse pamodzi, mdidi wake umamveka m'chifuwa ngati musi ukugwera mumtondo. Mmodzimmodzi amalumphira pa ng'oma yapakatiyo, kuomba, kuzunguza ndodo m'khosi mwake mwaliwiro loti maso satsatira, kudumpha m'mwamba mawondo kufika pachibwano, n'kusiyira mnzake akumwetulira. Fumbi kobo! Agogo achichewa omwe anabwera kudzagulitsa mtedza amaiwala lichero lawo n'kuyamba kululutira.

Ndipo si zamasewera zimenezi. Bungwe la UNESCO linalemba gule wa ng'oma wa ku Burundi m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014, chaka chomwe Tumaini inayamba. Rumba ya ku Congo inalowamo mu 2021. Gule Wamkulu wathu, yemwe madambwe ake ali ponseponse m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi, analemekezedwa kale mu 2005. Ndiye kuti pachitunda chimodzi chafumbi, mtunda wosakwana ola limodzi pagalimoto kuchokera ku Lilongwe, pakumana zonse zitatuzi. Mizinda ikuluikulu imamanga nyumba za mabiliyoni n'kumaitanitsa ovina pa ndege kuti ipeze zotere. Kuno eni ake amagona pomwepo. Tchera khutu pakati pa khwimbi la anthulo umve: Chiswahili, Chifalansa, Lingala, Kirundi, Kinyarwanda, Chisomali, Chingerezi ndi Chichewa, zonse pakamodzi, ndipo kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri kakudumpha kuchoka pa chinenero china kupita pa china osapunthwa. Za kutchena kwa Akongo ndisayambe n'komwe. Munthu watuluka m'kanyumba ka zidina, koma suti yake ndi nsapato zake zikunyezimira moti bwana wa ku Capital Hill amadziyang'ana kawiri.

Mimba nayo ili ndi chikondwerero chake. Chapati wa ku Dzaleka ndi wotchuka mpaka mumzinda, ndipo ukaima pafupi ndi wophika umamvetsa chifukwa chake. Amakanda mtanda mpaka ufewe, kuupaka mafuta, kuupinda, kuuzunguza ngati nkhata, kuuphwatalalitsanso, kenako pachiwaya chotentha. Ukaung'amba umatuluka timapepala timapepala, nthunzi ili tolotolo, ndipo ndi nyemba kapena tiyi wamkaka munthu umaiwala kuti unabwerera nyimbo. Pali sombe, chigwada chomwechi timachidziwa, koma chosinjidwa bwino n'kuphikidwa ndi mafuta a mawese. Pali injera ya Aitiyopiya, pali masamusa a Asomali. Masiku a Tumaini wophika, telala, wometa, wosema ndi wakabaza onse amagona atawerenga kenakake. Komatu malonda a ku Dzaleka sadikira chikondwerero. Lachiwiri lililonse kuli msika waukulu womwe eni ake amautcha Mardi Marché, komwe mlimi wa ku Dowa ndi mayi wa ku Uvira amanenerera mtengo wa kabichi m'Chichewa chosakaniza ndi Chiswahili, mpaka kugwirizana. Chaka chonse achinyamata a Salama Africa amayeserera magule awo, a TakenoLAB amaphunzitsana kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo ana amadzaza masukulu omwe a Jesuit Refugee Service akhala akuyendetsa.

Wina angati ndikukometsera dala umphawi. Ayi. Kampu ndi yothina, madzi ndi ovuta, thandizo la chakudya lakhala likudulidwa, ndipo mitengo ya m'mapiri ozungulira yatha ndi nkhuni ndi makala. Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni abwerere ku Dzaleka, ndipo kuyambira mwezi wa Meyi apolisi anawasaka m'maokala ndi m'nyumba za lendi. Amene tinkagula sopo ndi shuga "kwa Mburundi" pakona tinangoona chitseko chili ndi loko. Ng'oma sizichotsa zimenezo. Zomwe zachita n'zakuti Mmalawi yemwe ankangomva mphekesera za anthuwa tsopano wawaona maso ndi maso, wadya nawo, wavina nawo, ndipo mawa wina akadzamuuza kuti onsewo ndi zigawenga, adzayamba wakumbuka mayi uja anamuonjezera nyemba osamulipiritsa. Akunja nawo anaona. Mu 2020 bungwe la Tumaini Letu, lomwe limakonza chikondwererochi, linalandira mphotho ya Sharjah yolemekeza othandiza anthu othawa kwawo. Ndende ya Kamuzu kutchulidwa ku Arabia chifukwa cha ndakatulo ndi magule, ndani akanalota?

Chondikomera koposa ndi nkhani ya malo ogona. Ku Dzaleka kulibe hotela yoti n'kulandira namtindi wa anthu chotere, ndiye okonza anapeza njira: alendo azigona m'nyumba za othawa kwawo, n'kulipira banja lowasungalo. Tangoganizani. Munthu yemwe kwa zaka zambiri wakhala akulembedwa m'mabuku kuti ndi wolandira thandizo, lero ndiye mwini khomo. Akusesa pabwalo, akuyala mphasa ndi matiresi, akuuza mlendo kuti, "Takulandirani achimwene, nsapato vulirani apa, chimbudzi chili kuseriku, mutu muweramitse polowa." Ndipo mlendoyo ndi bwana wa ku Area 43, kapena mtsikana wa ku Oslo wobwera ndi chikwama chakumsana. Usiku amagona m'kachipinda ka zidina, rumba ikumvekabe kubwalo. M'mawa amapatsidwa beseni la madzi ochepa, n'kuphunzira kusamba thupi lonse ndi kapu imodzi. Akachita manyazi n'kunena kuti athandizeko ntchito, mayi wa pakhomopo sakana ayi. Amamupatsa chigubu chachikasu n'kumulozera kumjigo, ndipo ana a mukampu amamuperekeza m'mbuyo akuseka chikhakhali, akumulangiza m'zinenero zinayi mmene angachinyamulire osadzithira madzi m'thalauza.